Giripa nambala 2 yandikanika, ndikaiwotche sipuling'i ku Siyaso?

Lolemba madzulo

Limbani: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto. Giripa ija, kachitsulo ka sipuling'i kofinya polimbitsa manja, imene anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg, ya mtundu wa Captains of Crush nambala 2, yandikanika. Mwezi uno ndi wachinayi. Ndikafinya ndi mphamvu zanga zonse, zogwirira zimayandikana mpaka kutsala kampata kolowa makobidi awiri osanjikiza, basi pamenepo dzanja limangouma. Nambala 1 ndimatseka kakhumi osapuma. Mnzanga wina kuno ku Dzivarasekwa ku Harare akuti ndipite nayo ku Siyaso, msika wa amisiri a zitsulo ku Mbare, akaiwotche pang'ono sipuling'i ndi moto wa gasi kuti ifewe, kapena akaipale ndi girayinda. Ndikuganiza zopita Loweruka. Alipo anayesapo?

Yamikani: Aise usayerekeze. Ine ndinayesa, ndikuuza bwino ndikamaliza kudya.

Madalitso: Tiyeni tiyembekeze a Phiri, nkhani ya chitsulo ndi yawo.

A Phiri a ku Mufakose: Ndilipo. Limbani mwana wanga, sipuling'i usaikhudze. Usaiwotche, usaipale, usaiwotcherere, ngakhale kuikanda ndi sowo usaikande. Giripa ili ndi mbali ziwiri, sipuling'i ndi zogwirira. Zogwirirazo ndi aluminiyamu, ungazipale, ungazitalikitse, ungazikulunge, palibe choopsa. Koma waya uja anauumitsa ku fakitale ndi moto woyeza bwino. Ukauika pa gasi n'kuona ukusanduka wabuluu, ndiye kuti wafika cha m'ma 300 digiri, wayamba kale kusintha. Ukafiira ndiye watheratu. Udzafinya kamodzi, zogwirira zidzakumana, koma sizidzabwereranso pomwe zinali. Udzatsala ndi waya wopindika basi. Ndagwira ntchito ya ufitala zaka zambiri, masipuling'i ophedwa ndi moto ndawaona osawerengeka.

Limbani: Ndamva bambo. Nanga kupala pang'ono pokha wayayo kuti achepe?

Chikondi: Ndiyankheko pamenepo a Phiri, tinaphunzira chaka chatha ku Poly. Kulimba kwa sipuling'i yopota ngati imeneyi kumatengera kunenepa kwa waya kodzichulukitsa kokha kanayi (pawa 4). Waya akanenepa ndi 10 peresenti yokha, sipuling'i imalimba ndi pafupifupi 46 peresenti. Ndiye ukaona nambala 2 ndi nambala 3 zili pamodzi, mawaya ake amasiyana pang'ono kwambiri, koma m'dzanja ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Ukapala ndi girayinda sungathe kuchotsa mofanana mbali zonse. Pamene wachepetsa kwambiri ndi pamene mphamvu yonse idzasonkhana, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Yamikani: Ndabwera. Zimene wanena Chikondi ndi zomwe zinandichitikira. Ndinali ndi ina ya ku China yolembedwa mapaundi 250, ndinagula mu tauni. Inandikanika, ndiye kuntchito ku Gazaland ndinaipanikiza pa vayisi n'kudutsitsa girayinda kunja kwa mapindi a sipuling'i. Inafewadi, ndinasangalala sabata ziwiri. Tsiku lina ndili mu kombi ndikupita ku Machipisa, ndikufinya pa bondo, ndinangomva thwa! Chogwirira chimodzi chinatsala m'manja, chinacho ndi chidutswa cha waya chinauluka n'kumenya denga la kombi pafupi ndi mutu wa mayi wina wobereka mwana. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandigunda. Likanakhala diso la mwana uja ndikanalowera kuti?

Mayi a Tadala: Mayo ine. Mulungu anakuonerani achimwene.

Limbani: Eee ayi, za moto ndi girayinda ndazisiya. Ndiye ndipale zogwirira za nambala 2 mkatimu kuti zizikumana msanga?

Che Jafali: Kupala mkati sikufewetsa mwana iwe, kumalimbitsa! Taganiza bwino.

Limbani: Kumalimbitsa bwanji Che Jafali, poti ndachotsako chitsulo?

A Phiri a ku Mufakose: Tenga giripa yako uyang'ane pamene zogwirira zimagundana, kumunsi kwenikweni. Chimene chimaimitsa ulendo wa zogwirira ndi kugundana kumeneko. Ukachotsapo mamilimita atatu, zogwirira ziyenera kuyenda mamilimita atatu owonjezera zisanagundane, ndipo sipuling'i ikamapotoka kwambiri imakankhanso kwambiri. Ndiye giripa yopalidwa ndi yovuta kutseka kuposa mmene inalili. Koma nzeru yake ili pomwepo. Usapale nambala 2 imene yakukanika. Upale nambala 1 imene umatseka kakhumi. Dzanja lako lizolowere kupitirira malo amene limaimira masiku onse. Vuto lako si poyambira, ndi pothera, pamene zala zapindika kale kwambiri ndipo chala cha mphete ndi kachala komaliza ndi zomwe zikumaliza ntchito. Zala ziwiri zimenezo sizinaphunzirepo kukankha kupyola pamenepo chifukwa chitsulo chimaziimitsa.

Chikondi: Azungu a masewerawa amati BTR, kutanthauza kupyola malire a giripa.

Limbani: Koma nambala 1 ndi yokhayo yabwino ndili nayo. Ndikaipala ndiye kuti ndaiononga?

Che Jafali: Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi a Phiri. Kupala sikubwezeka. Aluminiyamu ukamuchotsa wapita. Giripa zoterezi kuno ku Harare sungozipeza pa shelefu, mpaka utume munthu wopita Joni kapena uitanitse kunja, ndipo ndi madola ambiri. Ine ndimati gula kilipu ya paipi, ija timati jubili, yomangira mapaipi a radiyeta. Ili paliponse ku Siyaso, ndalama yochepa. Umange nambala 2 yakoyo kuti iyambire pafupi kutseka. Ukatopa nayo umasula, giripa yako ili bwinobwino ngati yatsopano.

Yamikani: Jubili ndimagwiritsa ntchito inenso. Tafotokozani mamangidwe ake Che, ena amaika malo olakwika.

Che Jafali: Choyamba kulunga tepi yamagetsi kawiri katatu pa miyendo ya sipuling'i, pamwamba penipeni pa zogwirira, kuti jubili isakande waya. Kenako ika giripa pa vayisi, koma uyambe waika timatabwa kapena chubu cha njinga pa mano a vayisi, apo ayi uphwanya timano ta pa zogwirira. Panikiza pang'onopang'ono mpaka zogwirira ziime mowongoka ngati njanji, mpata wa mamilimita 20 kumunsi. Lowetsa jubili kudzera kumutu kwa sipuling'i, itsike ikhale pa tepi paja, umange ndi sikuludiraiva, kenako masula vayisi mofatsa nkhope ili kumbali. Usagule jubili zopyapyala zija zonga chitini, tenga yokhuthala, ndipo ukamanga nambala 3 kapena kupyola uike ziwiri. Tsopano ukaigwira, mphamvu zako zonse zikupita pa mamilimita 20 omaliza, osatayika pokoka kuchokera kutali. Ukayamba kutseka, bweza sikuluwu kamodzi, mpata ukule pang'ono. Sabata ndi sabata choncho mpaka jubili igwe yokha.

Limbani: Imeneyo yandisangalatsa. Vayisi ndilibe koma.

Yamikani: Bwera nayo ku Gazaland, mphindi zisanu zokha.

A Phiri a ku Mufakose: Jubili sindikuikana Che Jafali, ndi njira yabwino. Koma taonani bwino vuto la mwanayu. Iye amafika kale pa makobidi awiri. Mukamumangira pa mamilimita 20 adzafikanso pa makobidi awiri omwewo, mwina limodzi, chifukwa jubili sichepetsa kulimba kwa pothera ngakhale pang'ono. Imangochotsa kutopa kwa panjira. Ngati chomulepheretsa ndi kutopa kwa panjira, imuthandiza. Ngati ndi kufooka kwa zala ziwiri zomaliza, afunika kugwira ntchito kupyola pothera, ndiye kupala kuja.

Che Jafali: Ndiye ayese jubili kaye poti siononga kanthu. Ikakanika apale.

A Phiri a ku Mufakose: Pamenepo tagwirizana. Chimodzi chokha, ine sindikonda kusiya sipuling'i ili yomangidwa miyezi. Ndimamasula ndikaona kuti sindiigwira nthawi yaitali.

Che Jafali: Yanga yakhala yomangidwa kuyambira nyengo yozizira, sindinaone kusintha.

A Phiri a ku Mufakose: Munaiyeza musanamange?

Che Jafali: Ayi, ndikungomva m'dzanja.

A Phiri a ku Mufakose: Dzanja limasintha tsiku ndi tsiku, silingakhale sikelo. Tidzaiyeze.

Lachiwiri m'mawa

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji abale. Usiku ndinali pa ntchito, ndawerenga zonse m'mawa uno. Ndili ndi funso kwa Limbani lomwe palibe wafunsa. Achimwene, mumafinya kangati pa sabata?

Limbani: Tsiku lililonse mayi. Imakhala m'thumba. Ndikamadikira malole ku Mbare Musika ndimafinya, madzulo ndimafinyanso.

Mayi a Tadala: Ndipo masana onse mukunyamula matumba a mbatata ndi anyezi ndi manja omwewo. Tagwirani kafupa ka mkati mwa chigongono, mbali yoyang'ana kunthiti, mudinikize ndi chala. Mukumva chiyani?

Limbani: Pakupweteka pang'ono, makamaka kumanja. M'mawa zala zimakhala zouma mpaka nditasamba madzi otentha.

Mayi a Tadala: Ndimaganiza choncho. Minofu yopinda zala siili m'chikhatho, ili m'mkono, ndipo yambiri imakamangirira pa kafupa kameneko. Minofu imachira msanga chifukwa magazi amayendamo ambiri, koma minyewa yomangirira ku fupa imachedwa. Kuchipatala timalandira amakaniki, omanga nyumba, ochapa zovala, onse akudandaula malo omwewo, ndipo ena zimawatengera miyezi kuti agwirenso khasu bwino. Ndikukupemphani, musanagule jubili kapena tupa, ikani giripa m'kabati masiku asanu ndi awiri. Mukabwerera muzifinya kawiri kapena katatu pa sabata basi. Ndipo muzitsegulanso zala, osangotseka. Dulani kamphira ka chubu cha njinga, mukoleke kuzungulira nsonga za zala zonse zisanu, muzitambasula kokwana 20 kapena 30. Ululu ukapitirira kapena zala ziwiri zomaliza zikayamba dzanzi, mupite akakuoneni, musalimbe mtima.

Madalitso: Uthenga uwu ndauika pamwamba kuti aliyense auone. Zikomo mayi.

Yamikani: Zoona zake. Ine tsiku lomwe ndinatseka yanga koyamba ndinali nditachokera ku maliro ku Dedza, sabata yathunthu osaigwira. Basi ya pa Nyamapanda inatifikitsa usiku, m'mawa ndinangoitola pa tebulo, gwa, yatseka.

Limbani: Ndipumula mayi, ndalonjeza. Koma a Phiri tandiphunzitsanibe kapalidwe, kuti ndikadzafuna ndisalakwitse.

A Phiri a ku Mufakose: Chabwino, tcheru. Girayinda ayi, makamaka ija ya mwala ya pa benchi. Aluminiyamu ndi wofewa, amamatirira m'mabowo a mwala, mwala umatentha ndipo utha kusweka uli pa liwiro. Komanso girayinda imadya msanga, ukamati uone wapitirira kale. Ntchito iyi ndi ya tupa, dzanja ndi diso.

Uyambe watseka giripa uone pamene zogwirira zikukhudzana, upake inki ya pentopeni pa chimodzi, utsekenso, inki idinda pa chinzake. Pamenepo ndi popala. Upale chogwirira chimodzi chokha, osati zonse. Ine ndimasankha cha ku zala, chifukwa cha m'chikhatho chikakhala ndi m'mphepete mwakuthwa chimatsina mnofu. Lemba mzere mamilimita awiri kuchokera m'mphepete, poyang'ana kumunsi kwa chogwirira kuja kuli nambala. Panikiza chogwiriracho pa vayisi ndi timatabwa, sipuling'i uikulunge kansanza kuti tupa akaterereka asakande waya. Pala mopendekeka, mozama kumunsi, kumapepuka pokwera, utali wa masentimita awiri kapena atatu basi. Usakwere kwambiri chifukwa mwendo wa sipuling'i unalowa mkati mwa chogwirira, ukaufika wafooketsa pomwe wagwira.

Paka choko m'mano a tupa usanayambe, aluminiyamu samatirira. Ukapala kakhumi, pukuta ndi bulashi ya waya, chotsa giripa, finya, ona. Kankha popita kutsogolo pokha, pobwerera nyamula. Ukafika pa mzere ima, ngakhale mtima ukuuze kuti onjezera. Maliza ndi sandipepa, uzungulize m'mphepete monse mpaka chala chizidutsa osakodwa. Mamilimita awiri akayamba kukuchepera patapita mwezi, udzachotsa milimita ina imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikondi: Ine ndinapala yanga mamilimita asanu tsiku limodzi, zonse ziwiri. Zogwirira zinayamba kupsatirana m'malo mogundana, ndipo zinanditsina pansi pa kachala komaliza mpaka kutuluka thuza la magazi. Mverani za mamilimita awirizo.

Tiyamike: Pepani kulowerera akuluakulu, ndine watsopano pa gulu, ndimakhala ku Epworth. Ine ndilibe vayisi, ndilibe tupa, ndilibenso ndalama ya giripa yachiwiri. Yanga ndi imodzi yolembedwa 150 ndipo ndimaitseka mosavuta. Pali njira yoilimbitsa osagula kanthu?

Yamikani: Takulandira mlongo. Ilipo. Tenga chingwe cha nsapato chophwatalala kapena kalamba kopyapyala ka chikwama, umange botolo la Mazoe la malita awiri lodzaza madzi, amenewo ndi makilo awiri. Nsonga ina ya chingwe uilowetse pakati pa zogwirira kumunsi, utseke, unyamule botolo ndi kupanikiza kokhako. Ukangofooka pang'ono chingwe chimapulumuka botolo n'kugwa. Giripa imene umaiona yofewa udzaona kuti sunkaitseka mokwanira. Werenga mpaka 10, kenako 15. Zikaphweka onjezera botolo lachiwiri. Mapazi uwatalikitse, kapena uimirire pa udzu.

Che Jafali: Ngakhale kobidi lokha. Lipanikize pakati pa zogwirira, lisagwe. Limbani iwenso izi zikukukhudza, uzichita ndi nambala 1.

Chikondi: Inanso ndi kutsitsa giripa m'dzanja, kapena ndinene kuti kugwira chakumtunda pafupi ndi sipuling'i. Ndi chimodzimodzi sipanala. Bawuti wa tayala akakanika timalowetsa paipi ku sipanala kuti italike, bawuti n'kumasuka. Ukagwira sipanala pafupi ndi bawuti umavutika. Ndiye ukakweza dzanja sentimita imodzi yokha kuyandikira sipuling'i, giripa yomweyo imalimba.

Tiyamike: Zikomo kwambiri, ndiyamba ndi botolo madzulo ano. Vuto lina, zogwirira zake ndi zoterera, manja akachita thukuta zimathawa.

A Phiri a ku Mufakose: Yamba watsuka. Timano tija timadzaza litsiro ndi mafuta a m'manja, tenga mswachi wakale ndi sopo wotsukira mbale, ukweche, uumitse bwino madzi asatsalire pa sipuling'i. Zikatererabe kulunga tepi ya nsalu ija amamangira mabala, mzere umodzi wokha. Ukakulunga yambiri chogwirira chimanenepa ndipo kumunsi kumagundana msanga, ndiye uzidzinamiza kuti watseka. Kumunsi kwenikweni usiye chitsulo chili poyera.

Mayi a Tadala: Ndipo amene timano timawadula khungu achite chimodzimodzi ku chogwirira cha ku zala. Chilonda cha pa mfundo ya chala chimachedwa kupola chifukwa chimatseguka nthawi zonse mukapinda.

Madalitso: Za choko bwanji? Ana a ku jimu kwathu ku Mbare amapera choko cha kusukulu.

Chikondi: Sichofanana. Cha onyamula zitsulo ndi magnesium carbonate, chimamwa thukuta. Cha pa bolodi nthawi zambiri ndi jipisamu, chimathandiza pang'ono koma ena amati chimawatereretsa. Cha m'mano a tupa chija ndiye cha kusukulu chili bwino.

Lachiwiri usiku

Madalitso: Magetsi abwera, ndawerenga zotsala. Ndili ndi funso lomwe lakhala likundivuta. Manambala olembedwa pa magiripawa ndi oona? Yanga ya 200 ndimatseka, ndiye ndinkauza anthu kuti dzanja langa limafinya makilo 90. Nditagwira nambala 2 ya Limbani, imene amati ndi mapaundi 195, inandikanika kutalitali.

Chikondi: Manambalawo kampani iliyonse imayeza mwa njira yake, sungawafanizire. A IronMind, opanga Captains of Crush, amalemba nambala 1 mapaundi 140, nambala 2 mapaundi 195, nambala 3 mapaundi 280, nambala 4 mapaundi 365. Koma anthu a masewerawa ali ndi kayezedwe kawo kotchedwa RGC. Amamanga chogwirira chimodzi chisasunthe, n'kukoleka lamba wa inchi imodzi m'lifupi kumapeto kwenikweni kwa chinzake, n'kumapachika zitsulo mpaka zogwirira zikhudzane. Poyeza choncho nambala 2 imapezeka cha m'ma 100 mapaundi kupitirira pang'ono, nambala 3 cha m'ma 150. Ndipo ziwiri za nambala yofanana zimatha kusiyana ndi mapaundi angapo. Mwina Limbani anapeza nambala 2 yolimba kuposa zinzake.

A Phiri a ku Mufakose: Zimenezo tingachite pa benchi yanga. Vayisi ndinaimanga ndi mabawuti kumapeto kwa tebulo, pansi pali malo olendewera katundu. Madalitso ubwere ndi zitsulo ziwiri za makilo 20 za ku jimu. Zotsalazo tidzagwiritsa ntchito chigubu, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, tizithira ndi jagi mpaka kapepala koika pakati pa zogwirira kagwidwe. Tisaiwale kuwerengera kulemera kwa chigubu ndi ngowe. Tisanayeze tidzadontheza oyilo wa makina osokera dontho limodzi kapena awiri pakati pa mapindi a sipuling'i. Mapindi aja amakhulana, akachita dzimbiri giripa imalira kwiii ndipo imalimba mwabodza.

Limbani: Yanga imalira choncho bambo!

A Phiri a ku Mufakose: Ndiye yamba ndi oyilo lero lomwe, ikhale ikumwa pamene iwe ukupumula. Upukute wotsala asatsikire ku zogwirira. Nthawi ya mvula ino usaisiye pa zenera kapena pansi pa simenti, uisunge mu sokosi youma.

Che Jafali: Ine ndibwera ndi yomangidwa ija tione ngati yafooka. Koma poti sindinaiyeze kale tidzafanizira ndi chiyani?

Chikondi: Tidzalemba nambala ya Loweruka, muimangenso, tidzayezenso pakatha miyezi itatu. Pamenepo mkangano wanu ndi a Phiri udzatha ndi sikelo.

Yamikani: Pali china sitinakambe, paipi yotalikitsa. Nambala 3 ya Che Jafali ine sindingaisunthe, koma ndinadula paipi ya madzi ya chitsulo, ija ya ma kota atatu a inchi, masentimita 12. Zogwirira zimenezi ndi pafupifupi mamilimita 19 kunenepa, paipiyo mkati ndi yokulirapo pang'ono, ndiye ndinakulunga tepi pa chogwirira mpaka paipi italowa mothina, n'kusiya masentimita anayi atatuluka kumunsi. Dzanja linalo limagwira potulukapo n'kuthandiza kutseka, kenako ndimasiya n'kulimbana nayo ndi dzanja limodzi pamene ikutseguka.

Mayi a Tadala: Imeneyo Limbani asaiyandikire panopa. Kulimbana ndi chitsulo chimene chikukutsegula zala mokakamiza ndi kumene kumavulaza minyewa kwambiri.

Yamikani: Zoona mayi, inenso ndimachita katatu kokha dzanja lililonse, kamodzi pa sabata. Ndi njira ya anthu okhwima kale. Joe Kinney wa ku America, woyamba kutseka nambala 4 mu 1998, ankadziwika ndi njira imeneyi komanso zipangizo zopanga yekha kunyumba.

Che Jafali: Ndipo nambala 3 woyamba kulembedwa kuti watseka anali Richard Sorin mu 1991. Taonani zaka zimene zinadutsa pakati pa ziwirizo. Koma ndinene chinthu chimodzi chimene chimandiwawa. Mwezi watha wina anaika kanema pa gulu lina akuti watseka nambala 3, koma ukayang'anitsitsa pali jubili pamwamba, ndipo dzanja labisa kumunsi. Kumanga, kupala, paipi, zonsezi ndi zophunzirira. Ukafuna kunena pagulu kuti ndatseka yakuti, ikhale yosakhudzidwa, ndipo tione zitsulo zikugundana.

Madalitso: Pa gulu lino tiike lamulo lomwelo. A IronMind akamalemba munthu m'buku lawo la otseka giripa amafuna giripa yatsopano yosasinthidwa, ndipo usanafinye ulowetse khadi la ku banki m'lifupi mwake pakati pa zogwirira, ndiwo mamilimita 54. Ife titha kuvomereza mitundu iwiri, ya khadi ndi ya mamilimita 20, bola munthu anene kuti wachita iti.

Tiyamike: Manja ang'onoang'ono ngati anga khadi silitheka, zala sizifika.

Che Jafali: N'chifukwa chake ya 20 ilipo mlongo. Udule kathabwa ka mamilimita 20, uzilowetsa pakati usanafinye, aliyense aone poyambira pako.

Limbani: Ndafunsa alamu anga, akuti akubweranso mwezi wa mawa. Ndiwatume ya pakati, ija ya 1.5, kapena ndisunge ndalama?

A Phiri a ku Mufakose: Dikira tiyeze kaye ziwiri uli nazozo. Tikapeza kuti mpata pakati pa nambala 1 ndi nambala 2 yako ndi waukulu kwambiri, uwatume. Tikapeza kuti ndi wapafupi, jubili ndi kobidi zikwanira.

Loweruka madzulo

Madalitso: Tabwerako ku Mufakose. Zikomo a Phiri ndi amayi kunyumba chifukwa cha tiyi ndi mbatata. Zotsatira ndi izi, zonse titathira oyilo. Yanga yolembedwa 200 yatseka pa makilo 40. Nambala 1 ya Limbani makilo 35, nambala 2 yake makilo 49. Ya Tiyamike ya 150 makilo 29. Nambala 3 ya Che Jafali zitsulo zinatichepera, chigubu chinadzaza isanatseke, tidzabwereza ndi zitsulo zitatu.

Chikondi: Makilo 49 ndi mapaundi 108. Ndi yolimbirako ndithu. Ndipo kuchoka pa 35 kufika pa 49 ndi makilo 14, mtunda wautali kudumpha kamodzi.

Yamikani: Ndiye ya Madalitso ya 40 ija ikukhala pakati. Bwanji mungobwerekana m'malo motuma ku Joni?

Madalitso: Ndamusiyira kale, wapita nayo. Ine ndatenga nambala 1 yake ndizichitira za kobidi.

Limbani: Zikomo achimwene. Nambala 2 taimanga jubili pa mamilimita 20, a Phiri anakulunga tepi okha. Sindinaifinye, masiku a mayi a Tadala atsala awiri. Chigongono chayamba kupepuka, m'mawa uno zala sizinaume.

Mayi a Tadala: Mukayamba Lachiwiri muyambe ndi yofewa, manja atenthe kaye. Ya jubili katatu kokha dzanja lililonse, ndipo mundiuze mmene chigongono chidzadzukire Lachitatu.

Tiyamike: Botolo limodzi ndafika 15 kumanja, kumanzere likugwa pa 6. Ndionjezere lachiwiri kumanja kokha?

Che Jafali: Onjezera theka la botolo kumanja, kumanzere siya momwemo mpaka lifike 12. A Phiri, Loweruka likubwerali muliko? Ndapeza wobwereka chitsulo cha makilo 25, koma ndilibe ngowe yolimba yopachikira.

A Phiri a ku Mufakose: Ndiliko kuyambira 2 koloko. Ngowe ndipinda ine ndi chitsulo cha simenti cha mamilimita 10, inu mungobwera ndi lamba wina, uja wa lero wayamba kusosoka m'mphepete.